Mabatire Padenga

Gomezgani ankati zabwino ndi zogwidwa.
Ine ndinkati zolankhula.
Mkanganowu tinauyamba tili sitandade folo
ndipo palibe mphunzitsi anauweruza.

Mayina ake enieni ankatipinda lilime,
ndiye tinkangozitchula choncho
m'kashedi ka malata ku Chibavi,
momwe khobidi limodzi linkakugulira theka la benchi,
fungo la masokosi onyowa,
ndi tepi yotsokomola nkhondo ikafika pokoma.

Zake zinali zambiri ngati ngumbi pa getsi.
Mnyamata wa pakanema ankayenda tchire ndi tchire
kuzitchera, kuzitsekera, kuzilemba m'kaundula,
osafunsa ngati zili ndi kwawo.
Gome naye anatsegula kaundula wake
kumapeto kwa kope la masamu:
cha moto chimaopa cha madzi,
cha madzi chimaopa cha mphenzi.
Matebulo a seveni ankamuvuta, koma izi ayi.

Zanga zinali zowerengeka.
Mwana aliyense chake chimodzi, cha pakamwa,
chokutsutsa, chonyanyala, chopempha chakudya usiku.
Ukachita mantha chinkafooka.
Ukalimba mtima chinkakula mpaka kupitirira nyumba,
kenako madzulo n'kubwerera kukhala kanthu konyamula m'manja.

Chako chimalongolola ngati anthu a pampopi, iye ankatero.
Zako ndi akaidi, ndinkamuyankha.
Tinkakangana kuyambira pa geti ya sukulu
mpaka pa kamlatho ka matabwa,
kamene timasiyanirana,
aliyense akukuwa mfundo yake yomaliza chammbuyo.

Kenako amalume ake anatsika basi ya ku Joni
ndi kagemu kam'manja, kotuwa, kosweka pakona.
Munali zogwidwa.
Ndinameza ulaliki wanga wonse ndi malovu.
Sabata yathunthu ndinamunyamulira chikwama
kuti andilole kudina kawiri.

Mabatire akatha tinkawaluma,
n'kuwayanika padenga la bafa.
Koma dzuwa la Mzuzu mu Juni ndi mlendo wamanyazi,
nkhungu ikatsika ku Kaning'ina silituluka m'chipinda.
Tinkakhala pakhonde manja m'khwapa
kudikira mphamvu yomwe sinkabwera.

Loweruka lina ndinadina polakwika.
Chizungu cha pagalasipo sindinachimve, ndinangovomera.
Zonse zinapita.
Makumi asanu ndi atatu kudza zitatu,
zosonkhanitsidwa ndi mano komanso dzuwa lobwereka.
Sanandimenye.
Anangoti, Yayi, Zikani,
n'kulowetsa kagemu m'thumba la kabudula.
Pa kamlatho paja ndinayamba kuwoloka ndekha.

Lero ine, mlaliki wa bwenzi limodzi,
ndili ndi kauntala ku Taifa.
M'kabati muli mafoni akufa oposa zana,
iliyonse ndi kapepala ka dzina la mwini wake,
ndipo ndimadziwa iti imaopa madzi, iti imaopa kugwa.
M'foni yanga muli manambala mazanamazana.
Ikalira usiku amakhala wofuna chaja.

Gome amapalasa sakaramento pa Katoto.
Njinga imodzi, chaka cha khumi ndi chimodzi tsopano,
chishalo chosokedwa ndi ulusi wa thumba la feteleza.
Amailankhula. Ndinamumva ndekha dzulo
atandinyamula kukuwaza kamvula:
tiye mama, tiye, pang'ono pokha.
Nayo inkamuyankha ndi tcheni.

Pakati pa chitunda ndinamufunsa kumsana,
Paja zabwino zinali ziti?

Sanacheuke.
Zogwidwa, anatero, mpweya ukumuthera.
Ndipo uli nane ngongole.
Eyite-firii.

Ndinatsika.
Iye anagwira mahandulo, ine kaliyala,
tinakankha mpaka pamwamba
tikukangana.